Yogati wanga sakugwirana, ndithandizeni

Mayi wa ku Chibavi: Anzanga, mwaswera bwanji? Sabata ino yogati wanga akungokhala madzimadzi. Mkaka ndikuutenthetsa pa 85°C kwa mphindi 30, kuuziziritsa mpaka 43°C, kenako kuthira mbewu (mabakiteriya osandutsa mkaka kukhala yogati) monga mwa masiku onse. Maola 8 akudutsa, kulawa osawawasa n'komwe. Mbewuyo ndi ya paketi yatsopano, ija ili ndi mabakiteriya a Lactobacillus acidophilus. Malita 20 atayika kale.

Bambo wa ku Luwinga: Pepani amayi. Chidebe mukuchiika pati? Kuzizira kwa Juni kuno ku Mzuzu mukukudziwa. Mabakiteriya ogwiranitsa yogati, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, amafuna kutentha kwa 42 mpaka 45°C. Ine ndimachiika mu cooler box pamodzi ndi mabotolo a madzi otentha, n'kufunditsa bulangete.

Mayi wa ku Chibavi: Ndimatero achimwene. Dzulo nditayeza patapita maola 4, unali pa 41°C.

Mayi wa ku Katoto: Ndiye si kuzizira ayi. Mkaka ukazizira umachedwa, koma kawawasidwe kamamvekako ndithu. Uwu wosasintha n'komwe ukusonyeza kuti china chake chikupha mbewu. Asisi, mkaka mumatenga kwa alimi angati? Afunseni ngati pali ng'ombe imene yabayidwa jakisoni kapena kuikidwa mankhwala kubere chifukwa cha matenda otupitsa bere. Mankhwala opha mabakiteriya amatulukira mumkaka, ndipo kuwiritsa sikuwachotsa onse. Mkaka wa ng'ombe imodzi yokha ungathe kuwononga chidebe chonse.

Chitani izi mawa musanasakanize. Tapani kapu imodzi pamkaka wa mlimi aliyense, muutenthetse, muuziziritse, muthiremo kasupuni ka yogati wabwino. Lembani chizindikiro pakapu iliyonse, muike zonse pofunda limodzi. Pakatha maola 4 pendeketsani makapuwo. Imene ikuyendabe ndiye ili ndi vuto.

Mayi wa ku Chibavi: Ndayesa amayi. Makapu awiri agwirana bwinobwino, supuni ikuima. Yachitatu madzi okhaokha. Mlimiyo wavomera kuti ng'ombe yake ili pamankhwala, samadziwa kuti zimafika mumkaka.

Bambo wa ku Luwinga: Musamutaye mlimiyo. Pabotolo la mankhwala pamalembedwa masiku oti mkaka usagwiritsidwe ntchito, awerenge pamodzi ndi alangizi a ziweto. Ndipo mkakawo usapite ku chambiko kapena kugulitsidwa wosaphika, chifukwa omwa ndi ana athu omwe.

Mayi wa ku Katoto: Chinanso asisi, poti mukugulitsa ngati wa probiotic (wokhala ndi mabakiteriya amoyo othandiza m'mimba), musamatape mbewu pa yogati wadzulo tsiku ndi tsiku. Acidophilus amacheperachepera mpaka kutsala dzina lokha palebulo. Muzibwerera kupaketi, ndipo yogati akagwirana mufulumire naye mufiriji pa 4°C.

Mayi wa ku Chibavi: Zikomo nonse. Mawa ndiphika wa alimi awiriwo. Alipo amene angandigawireko malita 10 kuti oda ya Loweruka ikwane?

Bambo wa ku Luwinga: Tumizani mnyamata m'mamawa ndi chigubu chotsuka bwino.