Tsamba likundibweza polowera ngakhale pasiwedi ndi yolondola

Mlembi wa gulu la alimi, Santhe

Moni nonse. Ndikupempha thandizo pa vuto la kompyuta ya mu ofesi ya gulu lathu kuno ku Santhe. Tili ndi tsamba la pa intaneti limene timalembapo mayina a mamembala ndi matumba a soya ndi mtedza amene aliyense wabweretsa, koma chibwerereni kompyutayi kokonzedwa, ndikalemba dzina ndi pasiwedi n'kudina polowera, tsambalo limazungulira pang'ono kenaka n'kundibwezera pamene ndinayambira. Nthawi zina pamatuluka uthenga wa m'Chingerezi wonena kuti ma cookie ndi otsekedwa. Pasiwedi ndi yolondola, chifukwa pa foni ndikulowa bwinobwino, koma kulemba mayina ochuluka chonchi pa foni n'kovuta ndipo alimi akudikira malisiti awo. Timagwiritsa ntchito Chrome. Kodi ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya

Bambo mlembi, yambani mwaona tsiku ndi nthawi zimene kompyutayo ikuonetsa. Makompyuta a pa tebulo ali ndi kabatire kakang'ono kozungulira, ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga nthawi makinawo akazimitsidwa, ndipo kakatha mphamvu tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zambiri magetsi akangothima. Masamba ambiri amakana kutseguka zikatero.

Wokonza makompyuta, Mchinji Boma

Aphunzitsi anena zoona pa nkhani ya kabatire, koma sindikukhulupirira kuti ndilo vuto lanu, chifukwa tsiku likalakwika kwambiri Chrome imakuchenjezani kuti wotchi yatsalira m'mbuyo musanafike n'komwe polemba pasiwedi, pamene inuyo mukufika ndithu.

Chimene chimachitika polowa ndi ichi. Tsamba la pa intaneti silikumbukira munthu palokha. Mukalemba pasiwedi yolondola, seva (kompyuta imene imasunga tsambalo) imatumiza kachidziwitso kakang'ono kokhala ndi nambala yokuzindikiritsani, browser (pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome) imakasunga, ndipo nthawi iliyonse imene mwatsegula gawo lina la tsambalo imakaonetsanso kwa sevayo. Kachidziwitsoko ndiye cookie. Zili ngati tikiti ya m'basi imene kondakitala amafunsanso panjira: mungakhale munalipira, koma ngati tikitiyo mulibe m'manja amakuyesani wongokwera kumene. Choncho pasiwedi yanu ikulandiridwa, koma cookie sikusungidwa, kapena pali yakale yowonongeka imene ikutsekereza yatsopano.

Kuti tisiyanitse ziwirizi, dinani Ctrl, Shift ndi N pamodzi kuti mutsegule windo la Incognito, limene limayamba lopanda cookie iliyonse yakale, ndipo muyese kulowa. Ngati mwalowa, vuto ndi cookie yakale. Pamenepo bwererani pa windo la nthawi zonse, dinani kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi ya tsambalo, sankhani Cookies and site data ndipo mufufute za tsamba lokhalo. Chonde musathamangire kufufuta zonse ndi Ctrl, Shift ndi Delete monga ambiri amalangizira, chifukwa mudzatulutsidwa pa imelo ndi pa masamba ena onse, ndipo m'maofesi ambiri amene amadziwa mapasiwediwo ndi munthu mmodzi amene mwina palibe tsiku limenelo.

Mlembi wa gulu la alimi, Santhe

Zikomo kwambiri nonse awiri. Tsiku ndi nthawi zili bwino. Ndayesa Incognito monga mwanenera, achimwene a ku Mchinji, koma nakonso tsambalo likundibweza chimodzimodzi.

Wokonza makompyuta, Mchinji Boma

Yankho limeneli latithandiza, chifukwa likusonyeza kuti mwina browser yaletsedwa kusunga ma cookie onse, ndipo n'kutheka kuti zinasinthidwa pamene kompyutayo inkakonzedwa. Pitani ku Settings, kenaka Privacy and security, Site settings, Additional content settings, mpaka mupeze On-device site data. Ngati pasankhidwa mzere woletsa masamba kusunga zinthu pa kompyuta, sankhani wolola. Muonenso m'munsi mwake ngati adiresi ya tsamba lanu yaikidwa pa mndandanda wa masamba oletsedwa, ndipo ngati ilipo muichotse.

Musasokoneze zimenezi ndi Third-party cookies. Amenewo ndi ma cookie ochokera ku masamba ena, kawirikawiri a otsatsa malonda, ndipo kuwatseka nthawi zambiri sikulepheretsa munthu kulowa. Safari, browser ya kampani ya Apple, yakhala ikuwatseka yokha kuyambira mu 2020. Muwatsegulire tsamba lanu lokha ngati bokosi lolowera likuchokera ku kampani ina ndipo njira yoyambayi yakanika.

Msungichuma wa banki m'khonde, Chamama

Ndiwonjezepo chinthu chimodzi, bambo mlembi, popeza kompyutayo ndi ya gulu ndipo imagwiridwa ndi anthu angapo. Ma cookie akayamba kusungidwa, aliyense wokhala pa mpando umenewo pambuyo panu angathe kupeza tsambalo lili lotseguka m'dzina lanu n'kusintha chiwerengero cha matumba a munthu, chifukwa kungotseka windo sikufufuta cookie nthawi zonse. Mukamaliza ntchito muzidina Log out, ndipo Chrome ikakufunsani ngati isunge pasiwedi muzikana.