Kodi lubani ndi utomoni wa mtengo wanji?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu akuti lubani timawamva kutchalitchi, paja anzeru a kum'mawa anapereka golide, lubani ndi mure. Koma wa m'sitolo amabwera mitundu iwiri. Wina ndi timibulu tachikasu tonunkhira chakundimu, wina ndi chibuma chotuwa, fungo lake lotsekemera ngati vanila. Ogulitsa onsewo amangoti lubani. Weniweni ndi uti?

Chisale: Mayi Nabanda, ogulitsawo sakunama. Mawuwa ndi achiarabu, luban, ndipo Aswahili amati ubani. Mwini dzina ndi wachikasuyo, utomoni wa mitengo ya Boswellia ya ku Oman, Yemen ndi Somalia. Ndiye wa pa Mateyu 2:11 uja.

Wotsekemerayo anachita kubwereka dzina. Amalonda achiarabu atafika ku zilumba za ku Indonesia anapeza utomoni wina wofukiza, ndipo anautcha luban jawi, kunena kuti lubani wa ku Java, ngakhale kuti unkachokera ku Sumatra. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, yemwe anafika ku Sumatra cha m'ma 1345, anaulemba ndi dzina lomweli. Azungu a ku Italy ndi Catalonia anadula "lu" wa kumayambiriroyo, n'kutsala benjuí, benzoì, kenako benzoin. Mu 1461 sultani wa ku Egypt anatumiza utomoniwu kwa mtsogoleri wa Venice ngati mphatso yachifumu, ndiye onani mmene unalili wodula.

Mbewe: Ndiwonjezere za mtengo umene umatulutsa benzoin, poti mpamene pagona kusiyana. Ndi mitengo ya Styrax. Mtengo wabwinobwino, wosavulazidwa, sutulutsa utomoniwu ayi. Umaupanga pofuna kutseka bala. Choncho luso lonse la mlimi n'kudziwa kuuvulaza osaupha.

Kumpoto kwa Sumatra, ku Tapanuli, Abatak amautcha haminjon, ndipo kalekale unkatulukira padoko la Barus pamodzi ndi kamfa. Mtengo amayamba kuutema ukakwana zaka 7 mpaka 10. Poyamba amapala thunthu kuchotsa ndere ndi makoko akufa, chifukwa zimenezi zikasakanikirana ndi utomoni umada n'kutsika mtengo pamsika. Kenako amabaya khungwa ndi kampeni konga tchizulo, bala la masentimita 2 kapena 3, n'kulitukula pang'ono kuti lilekane ndi thupi la mtengo. Salichotsa. Amalibwezera pomwepo n'kuligogoda ndi chigwiriro cha mpeniwo, kuti utomoni uzisonkhana kuseri kwake, kobisika ku mvula ndi fumbi. Akatero amachoka, kukabwera patapita miyezi 3 kapena 4. Akamatula khungwa lija amapeza timibulu toyera touma titamatirira mkati. Amenewo ndiye apamwamba. Otuluka pambuyo pake pabala lomwelo, oyenderera pathunthu, amakhala ofiirira ndi a zinyalala.

Musayembekeze zambiri: mtengo umodzi nthawi zambiri supitirira theka la kilogalamu pachaka.

Nabanda: Zikomo bambo Mbewe. Nanga wolembedwa Siam pabotolo la opanga mafuta onunkhira ndi yemweyu?

Mbewe: Ndi m'bale wake, Styrax tonkinensis, wa kumapiri a kumpoto kwa Laos, madera a Luang Prabang, Houaphan ndi Phongsaly. Dzina la Siam, lomwe ndi dzina lakale la Thailand, linamamatira chifukwa kale unkadzera ku Bangkok popita kunja. Ku Laos mtengowu umamera m'masala a mpunga wa kumtunda. Akakolola mpunga n'kuusiya munda kuti ugone, mitengoyi imakula, ndipo pakatha zaka 6 kapena 7 ayamba kutema. Amatema mvula ikamapita kumapeto. Amadula khungwa, n'kulisiya logwira kumunsi kuti likhale kathumba kolandira utomoni. Mabalawo amawatalikitsa masentimita 20 mpaka 30, mosemphanitsa. Akawandandalika mzere umodzi mozungulira thunthu, madzi a mtengo amaduka njira ndipo mtengo umauma. Kukolola n'kwa nyengo yozizira, kutentha kusanabwere.

Kutenthako ndiye mdani wamkulu. Utomoni ukafunda umafewa, timibulu n'kumatana kukhala chibuma chimodzi, pomwe ogula amalipira bwino timibulu tikuluikulu tosiyana. N'chifukwa chake amausunga pamthunzi, moyala mopyapyala, osati kuupanikiza m'thumba.

Chisale: Amalonda akale a ku Sumatra ankaugawa patatu: mutu, mimba ndi phazi. Mutu ndi wa zaka 3 zoyambirira kutema, woyera ndi wonunkhira kwambiri. Mimba ndi wa zaka zotsatira, wofiirira. Phazi ndi wopala pamtengo wokalamba utagwetsedwa, wodzaza tizibenthu. Chibuma chotuwa chimene mwaona m'sitolocho kawirikawiri ndi zotsalira zoterezi, zopanikizidwa pamodzi ndi utomoni wotchipa wa damar. Kufukizira m'nyumba n'kwabwino ndithu, koma wopanga perefyumu sangachigule.

Nangondo: Pa za perefyumu ndiikepo mlomo. Wa ku Laos ndiye amakondedwa, chifukwa uli ndi vanillin, chomwe chimanunkhiritsa vanila, ndi asidi wa benzoic, fungo lake n'lofewa. Wa ku Sumatra uli ndi asidi wa cinnamic wambiri, ndipo umapita kwambiri ku zofukiza, ku mankhwala monga Friar's Balsam, ndi ku fodya wa kretek wa ku Indonesia. M'perefyumu ntchito yake yaikulu n'kugwira fungo la maluwa ndi la ndimu, lomwe limauluka msanga, kuti likhalitse pakhungu. Amausinja, kuunyika mu spiriti wamphamvu kwa masabata angapo akumakhutchumula, kenako n'kusefa. M'madzi susungunuka, ndipo mukathira madzi mu spiriti uja amachita mbuu ngati mkaka.

Mayi Nabanda, mukafuna kuwasiyanitsa kunyumba, ikani kambulu kamodzi pakhala lomwe layamba kuchita phulusa, osati lofiira psuu, chifukwa moto waukali umaupsereza n'kununkha utsi wokha. Wa Boswellia amatulutsa fungo lakuthwa la ndimu ndi paini. Benzoin amasungunuka msanga, utsi wake woyera, wotsekemera ndi wotsokomoletsa, ndiye musaweramirepo.

Nabanda: Ndamva, zikomo nonse. Nanga mure uja ndi utomoninso, kapena ndi khungwa?