Masitala ya $62,000 kuti mwana alowe sukulu ya udokotala wa mano: tilipire kapena tidikire?

Mayi wa ku South Bend, Indiana

Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi anamaliza digiri yoyamba ya bayoloje chaka chatha, ndipo chimene wakhala akufuna kuyambira ali wamng'ono ndi udokotala wa mano. Anatumiza mafomu ku masukulu 12 kudzera ku AADSAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo m'masukulu a mano a ku America, koma imodzi yokha ndi imene inamuitana kuti akacheze naye, kenako inamuika pa mndandanda wa odikirira, ndipo mpaka lero sitinamve kanthu. GPA yake yonse, kutanthauza avareji ya magiredi ake pa muyeso wofika 4.0, ndi 3.3, ya maphunziro a sayansi ndi 3.0, ndipo pa mayeso a DAT, olowera sukulu ya mano, anapeza 400. Chaka chake chachiwiri bambo ake anadwala kwambiri, iye nkumagwira ntchito usiku kuti tithandizane lendi, ndipo organic chemistry anachita kubwereza.

Tsopano sukulu ina yomwe si yaboma yamulandira ku masitala ya chaka chimodzi ya sayansi ya zaumoyo, imene akuti inakonzedwera anthu ngati iyeyu. Kalata yake ili pa tebulo panopa, ndipo ikusonyeza kuti fizi, nyumba ndi chakudya zonse pamodzi zikwana $62,000. Akufuna tipereke chikole cha malo mwezi uno usanathe. Ine ndimasamalira okalamba, ndipo ndawerengera mashifiti amene ndingagwire kuti ndalama imeneyi ikwane mpaka cholembera chinandigwa m'manja. Kodi masitala imeneyi ndi yoyenera mtengo wake?

Bambo wowerengera ndalama, Dallas

Mayi, ine ndiyamba ndi ndalama chifukwa ndi ntchito yanga, ndipo ndikuti musafulumire. Sukulu ya mano ku America ndi ya zaka zinayi, ndipo amene amamaliza ali ndi ngongole amatuluka nayo ya pafupifupi $300,000. Ndiye $62,000 imeneyi si mtengo wa udokotala, ndi mtengo wa kugogoda pakhomo kachiwiri, popanda wolonjeza kuti atsegula.

Chinanso chimene makolo ambiri sanachimvetse ndi lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025. Kuyambira pa 1 Julayi 2026, ophunzira atsopano sangatengenso ngongole ya Grad PLUS, yomwe inkalola munthu kubwereka kuboma ndalama zonse zimene sukulu yanena. Wa masitala adzabwereka $20,500 yokha pachaka, pamene wa udokotala adzabwereka $50,000 pachaka koma osapitirira $200,000 yonse pamodzi, ndipo zimene wabwereka pa masitala zimachotsedwa pa $200,000 yomweyo. Choncho pa $62,000 yanuyo, yoposa $40,000 ichokera m'thumba mwanu kapena kubanki, kumene chiwongoladzanja ndi malamulo ake ndi ouma, ndiponso adzafuna inuyo musainire. Ndipo apa ndikuganiza kuti mwanayo ndi nzika kapena ali ndi green card, chifukwa wa chiphaso cha F-1, cha ophunzira ochokera kunja, ngongole yaboma sailawa nkomwe.

Dokotala wa mano, Maryland

Abambo a ku Dallas anena zoona pa ndalama, koma ine ndinalowa sukulu ya mano kudzera pa khomo lomweli, choncho ndilankhulako mbali inayo. GPA yanga ya sayansi inali pansi kuposa ya mwana wanuyo, mayi. Ndinakanidwa zaka ziwiri zotsatizana, ndipo chaka chachiwiricho ndinali nditakweza DAT, koma sizinathandize, chifukwa amene amasankha ophunzira ankaona magiredi a kemisitiri ndi kufunsa funso limodzi lokha: kodi munthu uyu adzapirira chaka choyamba, pamene biochemistry, physiology ndi anatomy zimabwera zonse nthawi imodzi? Funso limeneli silingayankhidwe ndi kalata yofotokoza mavuto a kunyumba, ngakhale ikhale yogwira mtima chotani. Limayankhidwa ndi magiredi atsopano a maphunziro olimba omwewo.

Ndi chifukwa chake si masitala iliyonse imene ili ndi phindu. Ya Oral Health Sciences ya ku Boston University imakukhazika m'kalasi limodzi ndi ophunzira a chaka choyamba cha udokotala wa mano pa maphunziro ena, ndipo mumalemba mayeso amodzimodzi. Ku Rutgers, mumzinda wa Newark, masitala ya Biomedical Sciences ili ndi nthambi ya ofuna za mano yomwe imayendanso motero. Midwestern University ili ndi ya chaka chimodzi ku Downers Grove ndi ku Glendale, kumene kulinso masukulu ake a mano. Ena amapita ku Barry University ku Florida kapena ku Tulane ku New Orleans. Phindu la kukhala pamodzi ndi ophunzira a udokotala ndi loti giredi yako imakhala umboni wosatsutsika, ndipo mphunzitsi amene akulembera kalata ya umboni wakuona ndi maso ake. Ine amene anandilembera anali mayi wina wa physiology amene ankandipeza m'laibulale sikisi koloko m'mawa, khofi atazizira pambali, ndikujambula impso pa pepala kachisanu.

Koma ndikuchenjezeni mosabisa, mayi. Walira mvula walira matope. Mwana akalowa masitala yotereyi nkupeza 3.2, wadzitsekera yekha khomo, chifukwa wasonyeza ndi dzanja lake kuti mantha a osankha aja anali oona. Tinali ndi mnzathu m'kalasi amene anapitiriza kugwira ntchito maola 30 pa sabata kuti alipire nyumba. Anamaliza ndi digiri komanso ngongole, koma sukulu ya mano sanaione. Cholinga chikhale 3.7 kapena kupitirira, ndipo chaka chimenecho asagwire ntchito ina iliyonse.

Mphunzitsi wa koleji, Ohio

Ndiloleni ndiike masamu pang'ono, chifukwa ophunzira anga amaganiza kuti masitala imafufuta zakale. AADSAS imawerengera giredi iliyonse imene munthu anapezapo, ndipo phunziro ukabwereza, giredi yakale ndi yatsopano zonse zimalowa. Imasonyezanso GPA ya digiri yoyamba payokha, ya masitala payokha, kenako zonse pamodzi. Tiyerekeze kuti mwanayu ali ndi makirediti 60 a sayansi pa 3.0. Akawonjezera makirediti 30 pa 3.8, zonse pamodzi zifika 3.27 basi, pamene olandiridwa ambiri amakhala cha m'ma 3.5. Choncho chimene mukugula si nambala yaikulu, koma mzere watsopano pa fomu wosonyeza kuti munthuyu lero si uja wa chaka chachiwiri.

Ngati ndi choncho, mzere umenewo ungagulidwe motchipa. Angathe kulembetsa pa yunivesite yaboma ya m'dera lanu, pa fizi ya anthu a m'boma la Indiana, nkutenga maphunziro apamwamba monga biochemistry, microbiology, histology ndi physiology kwa masemesita awiri akugona kunyumba kwanu. Ubwino wake ndi woti magiredi amenewo amalowa mu GPA ya digiri yoyamba, yomwe masukulu ena amasefera nayo mafomu munthu asanawerenge nkomwe. Komanso mufufuze ku IU Indianapolis, kumene dipatimenti ya bayoloje yakhala ndi masitala ya chaka chimodzi ya okonzekera udokotala, mumzinda womwewo muli Indiana University School of Dentistry. Sukulu zaboma zimakondera ana a m'boma lawo, ndipo mwayi umenewu musautaye posamukira kutali.

Chimene sindingavomereze ndi masitala ya Public Health kapena ya kayendetsedwe ka zipatala pa cholinga chimenechi. Ndi maphunziro abwino, koma sayankha funso la sayansi limene adokotala atchula.

Dokotala wa mano, Maryland

Aphunzitsi, njira yanuyo ndi yabwino kwa munthu amene magiredi ake a chaka chachitatu ndi chachinayi anakwera kale. Koma amene watenga kale maphunziro apamwamba onsewo pa digiri ya bayoloje amasowa chatsopano choti atenge, ndipo kubwereza zomwe anakhoza kale sikudabwitsa aliyense. Pamenepo ndi pamene masitala imapambana. Mayi, tiuzeni, zaka ziwiri zomalizazo zinayenda bwanji?

Malume ake, Lilongwe

Alongo, pepani kuti ndikulowerera nkhani za kutali, koma $62,000 mukaisintha kukhala makwacha mutu umazungulira. Bwanji mwanayo osabwera kuno? Kuyambira mu 2019 tili ndi maphunziro a udokotala wa mano, amene anayamba ku College of Medicine mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo tsopano ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Nthawi imene ankayamba, dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50, moti kumudzi kwathu mankhwala a dzino lobowoka akadali kuzula basi. Munthu wotere kuno akufunika ngati mvula ya mu Disembala.

Mphunzitsi wa koleji, Ohio

Amalume, ngati mtima wa mwanayo uli pa kugwira ntchito ku Malawi, maganizo anuwo ndi anzeru. Koma ngati akufuna kudzagwira kuno, digiri yochokera kunja siimpatsa chilolezo m'maboma ambiri a ku America. Ayenera kulemba mayeso a INBDE, ofunika kuti munthu apeze chilolezo cha udokotala wa mano, nkupikisana kudzera ku CAAPID, njira yofunsira malo ya madokotala a mano ophunzira kunja, kuti apeze malo a zaka ziwiri kapena kupitirirapo m'sukulu yovomerezedwa ndi CODA, bungwe loona za masukulu a mano, ndipo malo amenewo ndi ochepa komanso okwera mtengo, chifukwa amalimbirana madokotala ochokera ku India ndi maiko ena ambiri amene agwira kale ntchito zaka zingapo. Njira imeneyo ndi yotalika kuposa imene akuithawayo.

Bambo wowerengera ndalama, Dallas

Ine ndibwererenso pa DAT, chifukwa onse mwailumpha. Kuyambira mu Malichi 2025 mayesowa amaperekedwa malikisi kuyambira 200 mpaka 600, ndipo 400 ili pansi pa 20 ya muyeso wakale uja wa 1 mpaka 30, pamene olandiridwa ambiri ankadutsa 20. Kulembanso DAT ndi ndalama zopitirira $500, ndipo munthu amadikira masiku 60 okha kuchokera pamene analemba komaliza. Mukayerekeza ndi $62,000, ndi nzeru kuyamba mwakonza chotchipacho. Masukulu sanamuuze kuti anamukana chifukwa cha GPA yokha; mwina ziwiri zonsezi zinamugwetsa pamodzi, ndipo akapita ku masitala ali ndi 400 yomweyo, adzatulukako akutsimphinabe mwendo umodzi.

Palinso nthawi. AADSAS imayamba kulandira mafomu kumayambiriro kwa Juni, masukulu amawerenga motsatira amene afika msanga, ndipo mayankho oyamba amatuluka pakati pa Disembala. Akayamba masitala mu Ogasiti nkutumiza mafomu chaka chomwecho, masukulu adzaona magiredi a semesita imodzi yokha, ndipo adzawaona mochedwa, malo ambiri atagawidwa kale. Kuti masitala igwire ntchito yake yonse, atumize ataimaliza, zomwe zikutanthauza chaka china chodikira pamene chiwongoladzanja chikuyenda. Muwerengere chaka chimenecho pa mtengo.

Mwana wake, South Bend

Makolo anga nonse, zikomo kwambiri. Amayi andipatsa foni kuti ndiyankhe ndekha. Adokotala, chaka chachitatu ndinapeza 3.4 ndipo chachinayi 3.6, koma biochemistry ndinapeza B, ndipo histology ndi microbiology sindinatengepo chifukwa zinkagundana ndi nthawi ya ntchito. Ndivomerenso zinthu ziwiri zimene amayi sanazidziwe bwino. Mafomu anga ndinatumiza kumapeto kwa Sepitembala chifukwa kalata imodzi ya umboni inachedwa, ndipo DAT ndinawerengera milungu isanu yokha, moti gawo la PAT, loyerekeza maonekedwe a zinthu m'mutu, nthawi inandithera ndisanafike pa mafunso opinda mapepala omaliza. Maola oonerera dokotala akugwira ntchito ndinali nawo 45 basi, pamene masukulu ambiri amayembekezera pafupifupi 100.

Amalume, Malawi ndimaikonda, ndipo tsiku lina ndidzabwera ndi zida zanga, koma ndikufuna ndiyambe ndapeza chilolezo cha kuno.

Dokotala wa mano, Maryland

Mwana wanga, ndi zimene wanenazi ndasintha maganizo, ngakhale kuti masitala inandipulumutsa ine. Magiredi ako akukwera kale, maphunziro olimba oti utenge alipo, ndipo fomu yotumizidwa kumapeto kwa Sepitembala ndi DAT ya milungu isanu sizinakuyese mokwanira. Kuitanidwa ndi sukulu imodzi uli wochedwa chotero ndi chizindikiro chakuti anaona kanthu mwa iwe. Ine nditakhala iwe, masitala ndikanaisunga ngati khasu la chaka chamawa.

Koma usaitaye osafunsa. Uwalembere mafunso awa, ndipo ayankhe polemba, osati pafoni. Mwa ophunzira onse amene anayamba zaka zitatu zapitazi ali ofuna za mano, osati okhawo amene anamaliza, ndi angati analowa sukulu ya mano? Kodi pali GPA ndi DAT zimene munthu akafika amaitanidwa ndithu kukacheza ndi sukulu yawo ya mano, ndipo lonjezo limenelo linalembedwa pati? Kodi amalola kusunga malo ako mpaka chaka chamawa? Akamazungulira pa funso loyambalo nkumangokuuza kuti ambiri amalowa masukulu a zaumoyo, dziwa kuti aphatikizamo a mankhwala, a maso ndi ena onse.

Mayi wa ku South Bend, Indiana

Tagwirizana kuti chikole sitipereka mwezi uno. Mafunso a adokotala tawatumiza usiku womwe uno, ndipo funso la kusunga malo ndi limene ndikulidikira kwambiri. Mwanayu achepetsa ntchito kuti awerengere DAT miyezi itatu yathunthu, ndipo walembera chipatala cha mano cha anthu opeza pang'ono chimene chili pafupi nafe kuti azikaonerera Lachisanu lililonse. Aphunzitsi, munatchula histology ndi microbiology. Kodi ndi bwino atenge zonse ziwiri semesita imodzi pamodzi ndi physiology, kapena agawe kuti asagwenso ngati chaka chachiwiri chija?