Nyimbo za agogo amene anabwera ndi msilikali wa KAR: tizisunge bwanji?

Wakwaya wa ku Mlanda

Moni nonse. Mumpingo mwathu kuno ku Ntcheu muli agogo ena amene zaka zawo zikuyandikira 100. Kwawo kwenikweni ndi ku Kenya. Anabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, atakwatiwa ndi msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), ndipo moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa kwaya. Nyimbo zambiri, za Chichewa ndi za Chiswahili, zili m'mutu mwawo mokha. Alinso ndi katoni ya makaseti, makope a solofa, ndi ogani yopopa ndi mapazi imene inasiya kulira kalekale. Abale awo avomera kuti tisunge zonsezi. Tiyambire pati, nanga ndi chiyani chimene tingawononge posadziwa?

Wojambula mawu, Dedza boma

Yambani ndi agogowo, zinazo zidikire. Kaseti muipeza ilipo chaka chamawa, koma mawu a munthu wa msinkhu umenewo sangakulonjezeni.

Foni yabwinobwino ikukwana. Ikani pulogalamu yojambula mu WAV (mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa) pa 44.1 kHz. Mphindi imodzi imadya pafupifupi 5 MB, ndiye ola limodzi ndi 300 MB ndi kakuti. Zimitsani netiweki, chifukwa foni ikalira pakati pa nyimbo zajambulidwazo zimaduka. Musaigwire m'manja. Iikeni pa chitenje chopinda patebulo, masentimita 25 kapena 30 kuchokera pakamwa, chakumbali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usamenye maikolofoni.

Kujambulira m'tchalitchi ayi, mawu amabwereza. Nyumba yaudzu imaposa yamalata, poti malata amathetheka dzuwa likatentha, ndipo mvula ikangowaza basi ntchito yatha. Ngati ndi yamalata, kolekani mabulangete kukhoma. Nkhuku zitsekereni kutali, ndipo fufuzani nthawi imene chigayo chapafupi chimalira.

Nthawi yabwino ndi cha m'ma 9 koloko m'mawa, atamwa phala ndipo dzuwa lafunda. Ndi chisanu chathu cha Juni ndi Julaye, mawu a okalamba amasasa m'mamawa. Madzi ofunda akhale pafupi. Mphindi 20 kapena 30 patsiku, osapitirira, ngakhale iwo atanena kuti sanatope.

Cholakwa chachikulu ndi kuwayambira nyimbo. Mawu a amayi amatsika akamakalamba. Mukawayambira pamwamba pomwe kwaya imayambira, adzakakamiza kukhosi, kutsokomola, n'kusiya. Asiyeni ayambe okha pamene akufuna. Kwayanso isayimbe nawo poyamba, chifukwa achinyamata amayimba mmene nyimboyo inasinthira, ndipo agogo adzangowatsatira mwaulemu, chakalecho n'kutayika. Musanayambe nyimbo iliyonse tchulani tsiku ndi malo, kenako afunseni: "Agogo, iyi anakuphunzitsani ndani, kuti, ndipo inkayimbidwa pa chiyani?" Mayankhowo ajambulidwe limodzi ndi nyimboyo.

Madzulo omwewo koperani pa kompyuta ndi pa fulashi ziwiri, imodzi izikhala nyumba ina. Pa WhatsApp tumizani ngati document. Mukatumiza ngati uthenga wa mawu zimafinyidwa.

Mmisiri wa mawailesi, Lizulu

Zoona, koma pa makaseti musazengereze kwambiri, achimwene. Chinyezi cha kuno kumapiri chimachititsa chuku. Yang'anani pa kawindo ka kaseti. Mukaona zoyera ngati ufa pa tepi, imeneyo ipatuleni, musailize, ipaka chuku pa hedi, kachitsulo ka m'wailesi kowerenga tepi, n'kupatsira zinzake.

Choyamba thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pa kaseti iliyonse, kuti wina akadina batani lofiira asafufute. Kenako zungulizani tepi ndi cholembera mpaka kumapeto n'kubweza, kuti pomwe panamatana pamasuke. Pakati pa kaseti, kuseri kwa tepi, pali kathonje kakang'ono kokhala pa kachitsulo. Kakagwa, mawu amamveka ngati munthu akuyimbira m'mtsuko. Chotsani ka kaseti ina yopanda ntchito mumatepo ndi guluu wochepa zedi.

Wailesi yolizira ipukuteni hedi ndi kagudumu ka labala ndi thonje lonyowetsa sipiriti, iume kaye. Kaseti zimatafunidwa chifukwa cha kagudumu kakuda komata. Nyimbo ikamagwedezeka ngati woyimba waledzera, lamba wa mkati watamuka, msintheni. Mabatire ofooka amachedwetsa tepi ndipo nyimbo imatsika kiyi, ndiye ikani atsopano. Yesani kaye ndi kaseti imene simungailire. Chingwe cha 3.5 mm chichoke pa bowo la mahedifoni kupita ku kompyuta, mujambule ndi pulogalamu ya Audacity, ndi yaulere. Mita yosonyeza kukwera kwa mawu isafike pofiira. Kaseti yolembedwa C90 imatenga mphindi 90 zenizeni, palibe chidule.

Woliza ogani wa ku Bembeke

Ogani musaipereke kwa kalipentala wamba. Mkati mwake muli mvukuto wa nsalu ya labala ndi timalilime tamkuwa, kalikonse ndi liwu lake. Popani mpaka mvukuto ukwane n'kusiya osadina kiyi. Ukabwerera nthawi yomweyo, ukudontha mpweya, kawirikawiri m'makona momwe nsalu imapindika kapena pomwe makoswe anaboola. Nthawi zina vuto ndi laling'ono: lamba wolumikiza chopondera ndi mvukuto waduka basi.

Kiyi imodzi ikakhala duu pamene zinzake zikulira, ndi kachitsotso kamene katsekereza lilime. Solola kalilimeko ndi kangowe, pitsa kapepala kopyapyala pansi pake, bwezera. Musapale ndi tupa kapena sandipepa, chifukwa mukangochotsa mkuwa pang'ono liwu lasintha mpaka kalekale. Makiyi akamakakamira ndi matabwa otupa ndi chinyezi, mafuta musathire. Iikeni pa matabwa, italikirane ndi khoma chifukwa cha chiswe, ndipo isaone dzuwa kapena mbaula.

Makope a solofa ajambuleni ndi foni pamthunzi, tsamba ndi tsamba, osaiwala pamwamba pomwe analemba kiyi ya "doh". Chotsani mawaya adzimbiri. Selotepi ndi lamineshoni ayi. Asungeni m'thiranki, osati m'jumbo, mmene mumachita thukuta.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Pezani munthu wodziwa Chiswahili akhalepo pojambula, alembe mawu agogo akadali oti n'kufunsidwa. Muwafunsenso chilankhulo cha mayi awo, poti ku Kenya Chiswahili si cha panyumba kwa ambiri, ndipo nyimbo zotonthozera mwana zidzatuluka m'chilankhulo chimenecho.

Ngati mamendulo a malemu amuna awo alipo, akuuzani komwe anayenda. Africa Star ndi ya amene anamenya nkhondo ku Africa, monga ya ku Somaliland ndi Abyssinia (Ethiopia) ya 1940 ndi 1941, Burma Star ndi ya amene anakamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma, kumene a KAR analowa mu 1944. Mamendulo amenewa ankaperekedwa opanda dzina, ndiye nambala ya usilikali muifune m'kabuku kamene ankapatsidwa powatulutsa usilikali. Ndi imene mungapite nayo ku National Archives ku Zomba.

Wakwaya wa ku Mlanda

Zikomo kwambiri akuluakulu. Tiyamba Lachiwiri m'mawa. A ku Lizulu, makaseti achukuwo tiwatani, angapulumuke?