Kompresa yoyenda nayo m'galimoto, ndigule yotani yosapsa?

Wa Sienta, Chinamwali:
Akuluakulu ndithandizeni msanga. Kakompresa kanga ka pa soketi ya laita kafa dzulo pa msewu wa ku Jali. Pa bokosi analemba 300 PSI (PSI ndi bar ndi miyezo ya mpweya wa m'tayala) koma tayala la 175/70R14 likaphweratu, kuti lifike 2.3 bar mpaka apasenjala kutsika kukakwera ina. Dzulo kanatentha, kununkha pulasitiki, fyuzi phwaa, tchaja ya foni nayo zii. Maulendo anga ambiri ndi a Jali ndi Kachulu, kumene magetsi akazima okonza matayala amangokuyang'ana. Nthawi zina ndimagwiranso Hiace ya alamu anga. Ndigule ya silinda imodzi kapena ziwiri? Za batire yotchaja zija zilipo zolimba? Ndalama yotaya ndilibe.

Wamagetsi a galimoto, Mpondabwino:
Achimwene, 300 PSI ija iwaleni, palibe tayala lanu lomwe limafuna zimenezo. Yang'anani malita pa mphindi ndi ma amp. Tating'ono ta pa laita timalembedwa 25 kapena 35 L/min, ndipo nambalayo ndi ya pamene kakupopa mphepo yopanda tayala. Mpweya ukamakwera m'tayala liwiro limatsika. Soketi ya laita fyuzi yake imakhala ya 10A kapena 15A, waya wake woonda. Ya masilinda awiri imakoka kuposa pamenepo, n'chifukwa chake imabwera ndi zopanira pa batire ndi fyuzi yakeyake pa chingwe. Mukaona ya masilinda awiri yokhala ndi pulagi ya laita, isiyeni pomwepo. Ndipo chonde fyuzi yapsayo musaikepo ya 30A kapena kukulunga waya. Magalimoto opsa mawaya kuseri kwa dashibodi amabwera kuno chifukwa cha zimenezo.

Madala a Hiace, Songani:
Mwana wanga, gula pampu ya phazi ya masilinda awiri. Ilibe fyuzi, sifuna batire, sitentha. Ine ndayamba kuyendetsa msewu wa Liwonde tisanadziwe zamagetsizi ndipo sindinagonepo panjira chifukwa cha mpweya.

Wa Sienta, Chinamwali:
Madala ndakumvani, koma Hiace yodzaza anthu, tayala la 195R15C kulipopa ndi phazi dzuwa la ku Kachulu lija? Apasenjala sangadikire.

Madala a Hiace, Songani:
Kondakitala ntchito yake n'chiyani? Musinthana. Phazi silipsa.

Wokonza matayala, pafupi ndi depoti:
Ndilowererepo. Ambiri amene amati kompresa yawapsera, vuto limakhala tayala. Munthu akupopa tayala lomwe msomali udakali momwemo, kapena valavu ikutaya, mpweya ukulowa uku ukutuluka uko, makina akungolira osapuma. Tating'onoti timafuna kupuma pakatha mphindi 10 kapena 15, zinalembedwa m'kapepala kake koma ndani amawerenga. Muziyenda ndi mapulagi otsekera bowo la tayala la chubulesi, singano yake, ndi kakiyi ka valavu. Tsekani bowo kaye, kenako popani. Thirani madzi a sopo pa valavu muone ngati pakutuluka thovu.
China, ngati mwayenda nalo lophwa mpaka lachoka pa limu, palibe kompresa ya 12V yaing'ono yomwe ingalikhazike mosavuta. Pamafunika mpweya wambiri nthawi imodzi, wa mu thanki. Pamenepo ikani sipeya mubwere nalo. Komanso likaphweratu kwezani jeki kaye musanapope, kulemera kwa galimoto kumapana mphepete mwa tayala.

Wa Canter ya mchenga, Thondwe:
Zokhazika tayala pa limu mwandikumbutsa. Mnyamata wina kuno anathira petulo m'tayala n'kuyatsa machesi, akuti anaonera pa foni. Linakhaladi, koma nsidze zonse zinapita ndipo dzanja mpaka lero lili ndi chipsera. Musayese abale. Chinanso kwa anzanga a malole: Canter ndi 24V. Wothandizira wanga anabwereka kompresa ya 12V kwa mnzake, n'kupana pa mabatire onse awiri. Inalira mokweza kamodzi basi, utsi. Tinalipira ya eni ake.

Mayi wa Probox, Matawale:
Ine ndili ndi ya batire yotchaja, imakwana m'chikwama. Kuwonjezera mpweya m'mawa ndi yabwino kwambiri, umaika nambala imazima yokha ikafika. Koma musayembekezere kuti ipope matayala a Hiace kuchokera pansi, batire imathera panjira. Ndipo ukaiiwala m'galimoto yotseka padzuwa, batire yake imafooka msanga. Kwa inu a ku Kachulu sindingakulangizeni kuti ikhale yokhayo.

Wamagetsi a galimoto, Mpondabwino:
Mayi anena zoona. Achimwene a Sienta, poti mumagwiranso Hiace, tengani yopana pa batire. Mukapita kukagula, kaya kuno kaya ku Limbe, inyamuleni m'manja. Yopepuka ngati chidole mkati mwake ndi pulasitiki yokhayokha. Mutu wa silinda ukhale wachitsulo, wokhala ndi timizere toziziritsa. Onani kutalika kwa chingwe ndi paipi pamodzi, zifike tayala lakumbuyo. Pa Hiace batire sili kutsogolo ngati pa Sienta, ndiye yezani nokha musanalipire. Kamutu ka pa valavu kokulunga ngati nati kamagwira bwino kuposa kopana ka pulasitiki, kaja kamathyoka. Auzeni ayiyese pa galimoto yanu pomwepo. Akakana, tulukani.
Popopa injini izilira. Ndawadzutsapo ambiri amene anapopa injini ili chete, tayala lakhuta koma galimoto osalira. Paipi pafupi ndi mutu imawotcha, musagwire ndi manja mukangomaliza.

Madala a Hiace, Songani:
Mwaona? Injini izilira, chingwe chifike, ipume pakatha mphindi 15, isagwidwe. Malamulo onsewa pa chinthu chimodzi. Batire likafa usiku pa Domasi mudzapopa ndi chiyani? Pampu ya phazi.

Wokonza matayala, pafupi ndi depoti:
Madala, ya phazi ikhale yothandizira, palibe akukana. Koma geji ya pa pampu yanuyo ndi ya pa makompresawa zonse zimatha kunama. Gulani geji yapadera muziyeza nayo, tayala lili lozizira, m'mawa musananyamuke. Mukatsika phiri kuchokera ku Ku Chawe mabuleki atatentha, nambala imakwera, ndiye ena amayamba kuchotsa mpweya, mawa lake tayala lili pansi. Musachotse. Ndipo nambala yolondola ili pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, ya pa tayala ija ndi malire ake. 1 bar ndi pafupifupi 14.5 PSI, musasokoneze. Wina anabwera kuno ataika mpweya wa Hiace m'tayala la Sienta, pakati ponse patadyeka.

Wa Canter ya mchenga, Thondwe:
Komanso tinene chilungamo, matayala akaunjika omwe tikugulawa ndi amene akutipopetsa tsiku ndi tsiku. Mapanga ooneka bwino koma mphira wauma, m'mbali ming'alu yokhayokha.

Wokonza matayala, pafupi ndi depoti:
Eya. Muziwerenga manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo chaka. Mukaona 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Ena amapala nambalayo dala. Lopalidwa musagule ngakhale atsitse mtengo.

Mayi wa Probox, Matawale:
Bambo a matayala, langa lakumbuyo latupa kambali kamodzi ngati dzira, nditagunda dzenje pa msewu wa ku Blantyre. Limakonzeka kapena ndingotaya? Mawa ndili ndi katundu wa ku Namadzi.

Wokonza matayala, pafupi ndi depoti:
Limenelo ulusi wa mkati waduka, silikonzeka. Musanyamulire katundu. Ikani sipeya usiku uno, ndipo muyeze kaye ngati sipeyayo ili ndi mpweya.