Kodi ku Nkhotakota kuno kuli njira zakale zapansi panthaka?

Abale ndithandizeni pang'ono. Ku Paris pansi pa tauni kuli njira zakale zomwe ankakumbamo miyala, kenako anadzaunjikamo mafupa a anthu mamiliyoni, ndipo anthu ena amalowamo mozemba olo apolisi amaletsa. Nde ndimati ndifunse, poti nthawi ya Jumbe akapolo ankasungidwa konkuno asanawaolotse nyanja pa zombo ulendo wa ku Kilwa, kodi kulibe dzenje kapena kanjira kapansi komwe kanatsala cha ku Linga kapena pafupi ndi mtengo wa Livingstone uja? Agogo anga amangoti zinaliko koma malo ake satchula. Odziwa tatiuzeni, tiyambire kwa amfumu kapena kwa a DC? Zolowa mwakuba ine ayi, njoka ndimaziopa heve.