Phewa louma pambuyo pa opaleshoni ya Bankart: tikankhe kapena tidikire?

Anzanga a physiotherapy, ndithandizeni nzeru. Pambuyo pa opaleshoni ya Bankart, yokonza phewa lomwe limaguluka, mkono umakhala mu sling (nsalu yokolekera mkono) masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi zambiri sitilola kuutembenuzira kunja kupyola madigiri 30 kuti labrum yosokedwayo (mnofu wolimba wozungulira m'mphepete mwa mfundo ya phewa) igwire. Nanga sabata ya 8 ikakwana wodwala akadali pa madigiri 20, phewa lili gwa, titani? Tikakankha mwamphamvu tingamasule posokedwapo, phewa n'kuyambanso kuguluka. Kudikira nakonso kumangoumitsa mfundo.

Inu mumayamba liti kutembenuza mkono ndi ndodo, chigongono chili m'nthiti? Ndipo lamba wokoka wolimbitsira rotator cuff (minofu yogwira mfundo ya phewa) mumam'patsa wodwala scapula (fupa la kumbuyo kwa phewa) ikadatukuka pokweza mkono, kapena mumayamba mwalimbitsa serratus (mnofu wa m'nthiti wogwira scapula) pokankha khoma?